Kuika zipangizo zoyang'anira mathanki a mafuta pa malo omwetsera mafuta

Zipangizo zoyang'anira mathanki a mafuta ndi makina amagetsi amene amayeza kuchuluka kwa petulo, dizilo kapena parafini m'mathanki okwiriridwa pansi pa malo omwetsera mafuta. Makinawa amachenjezanso ngati thanki ikudontha, yalowa madzi, kapena yatsala pang'ono kusefukira. M'Chingerezi amadziwika ndi dzina loti automatic tank gauge, mwachidule ATG. Amathandizana ndi ndodo yoyezera imene ogwira ntchito pa filing'i siteshoni amaviika m'thanki m'mawa ndi madzulo.

Ntchito yoika zipangizozi ndi yoopsa chifukwa imafuna kutsegula thanki ndi kulowetsa waya wamagetsi pamalo odzaza nthunzi ya petulo. Pa chifukwa chimenechi pali malamulo a kapangidwe ka zipangizo, kayendetsedwe ka mawaya ndi kagwiridwe ka ntchito pa tsiku loziika. Malamulowa ndi ofunika kwambiri m'madera otsika amene madzi apansi ali pafupi, monga kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, kumene mafuta otayikira pansi angafike msanga m'zitsime, m'minda ya mpunga ndi m'nyanja.

Mafuta ku Malawi

Dziko la Malawi siliyenga mafuta a galimoto. Petulo ndi dizilo zimalowa m'dziko kudzera m'madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Amene amagula mafutawa kunja ndi kampani ya boma ya National Oil Company of Malawi, yodziwika kuti NOCMA, ndi kampani ya Petroleum Importers Limited imene eni ake ndi makampani ogulitsa mafuta. NOCMA ili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, zimene pamodzi zimatha kusunga malita 60 miliyoni.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ntchitoyi inayamba mu 1982 pamene fakitale ya ethanol inatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo mu 2004 kampani ya PressCane inayamba kupanga wake m'boma la Chikwawa. Kusakanizaku kumakhudza kasankhidwe ka zipangizo zoyang'anira thanki, chifukwa ethanol amakoka madzi.

Mafuta akafika pa malo omwetsera, amatsanulidwa m'mathanki achitsulo kapena a fiberglass ogonekedwa pansi. Thanki ikakwiriridwa sionekanso ndi maso kwa zaka zambiri, choncho zonse zimene zikuchitika m'kati mwake zimadziwika kudzera m'miyezo basi.

Mavuto atatu amene zipangizozi zimalimbana nawo

Vuto loyamba ndi kudontha. Thanki yachitsulo imachita dzimbiri, makamaka m'nthaka yonyowa kapena yamchere, ndipo molumikizira mapaipi mumamasuka pakapita nthawi. Kabowo kakang'ono kamataya mafuta ochepa pa ola koma ambiri pa chaka. Malamulo a dziko la America okhudza mathanki apansi, amene anatuluka mu 1988, amafuna kuti makina a ATG azitha kuzindikira kudontha kwa pafupifupi malita 0.76 pa ola. Kudontha kotereku kumataya malita 18 pa tsiku, ndipo pa chaka kumapitirira malita 6,600.

Ndodo yoyezera siingaone kudontha kwa mtundu umenewu. Mwachitsanzo, thanki yotalika mamita 6 imene m'mimba mwake ndi mamita 2.5 imasunga pafupifupi malita 30,000. Ikakhala theka, milimita imodzi ya msinkhu wa mafuta ndi malita 15. Kudontha kwa malita 0.76 pa ola kwa maola 5 kumatsitsa mafuta ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a milimita, zimene diso silingawerenge pa ndodo.

Vuto lachiwiri ndi madzi. Madzi amalowa kudzera pa zivindikiro zosatsekeka bwino, pa mapaipi osweka kapena pa bowo la thanki. Popeza ndi olemera kuposa mafuta, amakhala pansi ndipo amafulumizitsa dzimbiri. Akachuluka, pampu imawakoka ndi kuwathira m'galimoto, m'njinga zamoto ndi m'mainjini a maboti.

Vuto lachitatu ndi kusefukira pamene galimoto yonyamula mafuta ikutsanula. Izi zimachitika ngati wolandira mafuta walakwitsa kuwerengera malo otsala m'thanki. Mafuta osefukira amayenderera pabwalo ndi kulowa m'ngalande.

Dera la kumadzulo kwa Nyanja ya Chilwa

Nyanja ya Chilwa ndi yachiwiri pa kukula m'Malawi, ndipo ili m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, kufupi ndi malire a Mozambique. Ndi yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma madzi amachokamo pouma ndi dzuwa basi. Motero zoipa zimene zalowa m'nyanjayi zilibe njira yotulukira. Nyanjayi inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yaikulu inaumanso mu 2018. M'zaka za m'ma 1990 dambo lake linalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linalizindikira ngati malo osungirako zachilengedwe.

Kumadzulo kwa nyanjayi kuli madera a mafumu Mwambo ndi Kuntumanji, komanso doko la Kachulu kumene maboti opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira. Anthu ambiri amadalira usodzi wa matemba, makumba ndi milamba, ndi ulimi wa mpunga monga wa pa sikimu ya Likangala. Madzi akumwa amachokera m'mijigo ndi m'zitsime. Mafuta amafunika pa maboti a injini, pa njinga zamoto za kabaza, pa zigayo ndi pa galimoto zonyamula nsomba ndi mpunga kupita mumzinda wa Zomba.

Zinthu zinayi za m'derali zimakhudza thanki iliyonse yokwiriridwa kumeneko. Choyamba, m'chigwa madzi apansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba pa nthaka m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Chachiwiri, madzi apansi m'malo ena ofupikira nyanja ndi amchere, ndipo amadya chitsulo msanga. Chachitatu, derali limakhudzidwa ndi madzi osefukira, monga zinachitikira m'chigawo chakumwera mu Januwale 2015 ndi pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Chachinayi, mvula ya ziphaliwali ndi kuthimathima kwa magetsi zimawononga zipangizo zamagetsi zosatetezedwa.

Madzi apansi akakwera amakankhira thanki m'mwamba. Thanki yopanda kanthu ya malita 30,000 ikamizidwa yonse imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani 30 a madzi. Ngati sinamangidwe ndi malamba ku konkire yolemera, imatha kusuntha, kupendekeka ndi kuthyola mapaipi. Thanki ikapendekeka, miyezo yonse imene inalowetsedwa m'makina imakhala yabodza mpaka itakonzedwanso.

Mafuta olowa m'madzi apansi amavuta kuchotsa. Mu petulo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti benzene asapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Mbali za zipangizo ndi kagwiridwe kake

Mbali yaikulu ndi ndodo yaitali yotchedwa probe imene imaimikidwa m'thanki kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mtundu wofala ndi wogwiritsa ntchito maginito. M'kati mwa ndodoyi muli waya wapadera, ndipo kunja kwake kumavekedwa zoyandama ziwiri zokhala ndi maginito. Chimodzi chimayandama pamwamba pa mafuta. Chinacho chimamira m'mafuta koma chimayandama pa madzi, choncho chimakhala pansi mpaka madzi atalowa. Ndodo imatumiza mphamvu yochepa ya magetsi m'waya uja, ndipo pamene pali maginito pamabwerera kanjenjemera. Nthawi imene kanjenjemerako katenga ndiyo imasonyeza msinkhu wa choyandama, ndipo muyezo wake umafika pa tizigawo ta milimita.

M'ndodomo mulinso tizipangizo toyeza kutentha pa misinkhu yosiyanasiyana. N'tofunika chifukwa petulo amafufuma akatentha, pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 alionse pa digiri imodzi. M'thanki muli malita 15,000, kuzizira kwa digiri imodzi kumachepetsa mafuta ndi malita pafupifupi 15 ngakhale palibe chadontha. Makina osawerengera kutentha anganene kuti thanki ikudontha pamene ili bwino, kapena kubisa kudontha kwenikweni.

Mbali yachiwiri ndi bokosi lowerengera lotchedwa console, limene limapachikidwa mu ofesi. Limalandira miyezo, kusandutsa msinkhu kukhala malita, kusunga mbiri ya mafuta olowa ndi otuluka, ndi kuliza alamu. Mabokosi ena amatumiza miyezo ku likulu la kampani kudzera pa intaneti. Ena mwa makampani odziwika popanga zipangizozi ndi Veeder-Root, OPW ndi Franklin Fueling Systems.

Mbali yachitatu ndi tizipangizo tomva madzi kapena mafuta. Timaikidwa m'dzenje la pakamwa pa thanki, pansi pa mapampu, ndi pakati pa makoma awiri a thanki ngati ili ya makoma awiri. Thanki yotere imathandiza kwambiri m'madera a madzi apansi okwera, chifukwa khoma limodzi likabooka alamu imalira mafuta asanafike m'nthaka. Pambali pa mathanki pamakumbidwanso tizitsime toonera, momwe mumayezedwa ngati madzi apansi ali ndi mafuta.

Kuopsa kwa nthunzi ya petulo

Chimene chimayaka si petulo wamadzi koma nthunzi yake. Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Nthunziyi imayaka ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa pakati pa 1.4 ndi 7.6 peresenti. Ndi yolemera katatu kapena kanayi kuposa mpweya, choncho siuluka koma imatsikira m'maenje, m'ngalande ndi m'mapaipi a mawaya, ndipo imatha kuyenda mtunda kukafika pamene pali moto. Dizilo satulutsa nthunzi yoyaka mpaka atatentha kupitirira madigiri 55, koma thanki ya dizilo imasamalidwa mofanana chifukwa mwina munalowa petulo molakwitsa, ndipo maenje ake amalumikizana ndi a petulo.

Miyezo ya pa dziko lonse ya IEC 60079 imagawa malo oopsa m'magawo atatu. Zone 0 ndi pamene nthunzi yoyaka imakhalapo nthawi zonse kapena nthawi yaitali, monga m'kati mwa thanki pamwamba pa mafuta. Zone 1 ndi pamene imayembekezeka kupezeka pa ntchito ya masiku onse, monga m'dzenje la pakamwa pa thanki ndi pafupi ndi kukamwa kwa mapaipi otulutsira mpweya. Zone 2 ndi pamene imapezeka mwa apo ndi apo kwa kanthawi kochepa.

Probe imakhala mu Zone 0. Chitetezo chake chagona pa kuchepetsa mphamvu ya magetsi kuti ngakhale waya utaduka kapena mawaya atagundana, kuthetheka kwake kusathe kuyatsa nthunzi. Njirayi imatchedwa intrinsic safety. M'bokosi la mu ofesi muli chotchinga chimene chimaletsa mphamvu yochuluka kupita ku thanki. Zipangizo zovomerezeka mu Zone 0 zimakhala ndi chizindikiro cha Ex ia ndi chiphaso cha IECEx kapena ATEX. Chitetezochi ndi cha dongosolo lonse pamodzi: ndodo, waya ndi bokosi. Kulumikiza probe ku bokosi limene silinavomerezedwe kugwira nayo ntchito, kapena kulambalala chotchinga, kumathetsa chitetezo chonse ngakhale makina akuoneka kuti akugwira bwino.

Kukonzekera

Ntchito imayamba ndi kuyendera malo. Katswiri amayeza kuzama kwa thanki iliyonse kuti ndodo ikhale ya utali woyenera, amaona ngati pali pakamwa popanda ntchito pamene ndodo ingalowere, ndipo amafufuza tchati cha thanki chosonyeza malita pa msinkhu uliwonse. Amafunsanso mtundu wa mafuta, chifukwa zoyandama za petulo n'zosiyana ndi za dizilo.

Thanki yakale iyenera kuyesedwa kaye ngati siikudontha kale. Maenje a pakamwa pa thanki amene amalowa madzi amakonzedwa ntchito isanayambe. M'dera ngati la Chilwa, kukumba ngalande za mawaya kumayenda bwino m'chilimwe pamene madzi apansi atsika. Komabe miyezi ya Okutobala ndi Novembala imatentha kwambiri ndipo nthunzi imachuluka, choncho ntchito yotsegula thanki ndi bwino ichitike m'mamawa.

Mwini malo ndi kontilakitala amalemba chilolezo cha ntchito. Chimafotokoza ntchito imene ichitike, anthu amene aigwire, ngozi zimene zingabuke ndi zoyenera kuchita zikabuka. Ntchito iliyonse yotulutsa moto, monga kuwotcherera, kudula ndi girayinda kapena kuboola konkire, imafuna chilolezo chapadera ndipo siichitika thanki ili yotsegula. Kuboola thanki yokhala ndi mafuta kapena nthunzi n'koletsedwa kotheratu.

Ndondomeko ya tsiku loika

Malo ozungulira thanki amatchingidwa kuti galimoto, njinga ndi anthu oyenda pansi asafikepo. Izi zimavuta pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene mizere imadzaza bwalo lonse, ndipo nthawi yotere ntchito iyenera kudikira. Kugulitsa mafuta a m'thanki imene ikugwiridwa kumaimitsidwa, ndipo galimoto yobweretsa mafuta siloledwa kutsanula.

Magetsi a mapampu okhudzidwa amathimitsidwa, switchi yake imakhomedwa ndi loko ndi kupachikidwa chikwangwani, ndipo kiyi amasunga amene akugwira ntchitoyo. Pamalo pamene pali jenereta kapena sola, njira zimenezonso zimatsekedwa, chifukwa magetsi a ESCOM akathima jenereta imatha kuyatsidwa ndi munthu wosadziwa.

Zozimitsira moto za ufa zimaikidwa pafupi. Mafoni, fodya, machesi ndi matochi wamba sizilowa m'malo otchingidwa. Ogwira ntchito amavala maovolosi a thonje kapena osasunga magetsi a m'zovala, chifukwa nsalu za nayiloni zimatha kuthetheka. Masipanala ndi zida zina zimakhala za mkuwa kapena zitsulo zina zosathetheka.

Chivindikiro cha dzenje chikachotsedwa, mpweya umayezedwa ndi makina oyezera gasi kuyambira pamwamba mpaka pansi pa dzenje. Mchitidwe wofala ndi kuimitsa ntchito ngati nthunzi yafika 10 peresenti ya mlingo wotsikitsitsa woyakira. Mpweya wa okosijeni, umene panja umakhala 20.9 peresenti, usatsike kupitirira 19.5 peresenti. Kuyeza kumapitirira nthawi yonse ya ntchito. Munthu akalowa m'dzenje, mnzake amakhala pamwamba kumuyang'anira. Kulowa m'thanki yeniyeniyo sikofunika pa ntchitoyi.

Pakamwa pa thanki pamatsegulidwa pang'onopang'ono kuti mpweya wopanikizika utuluke. Pamenepo pamamangidwa paipi yoimirira, nthawi zambiri ya mainchesi 4. Zoyandama zimavekedwa pa ndodo motsatira dongosolo, cha mafuta pamwamba, cha madzi pansi. Ndodo imatsitsidwa mosamala mpaka itakhudza pansi pa thanki, ili chilili, kutali ndi paipi yotsanulira kuti mafuta olowa mwamphamvu asaigwedeze. Kenako paipi imatsekedwa ndi chivindikiro chosalowa madzi kapena kutulutsa nthunzi. Kukamveka bingu kapena kuoneka mphenzi, thanki imatsekedwa ndipo ntchito imaima.

Mawaya

Zolakwika zambiri zimachitika pa mawaya. Waya wa probe umadutsa m'paipi yakeyake, osati pamodzi ndi mawaya a mapampu kapena a nyali amene amanyamula mavoti 230. Mawaya a chitetezochi amadziwika ndi mtundu wobiriwira ngati mtambo, ndipo m'bokosi molumikizira mwake mumatalikirana ndi mwa mawaya ena ndi mamilimita 50 kapena kuposa. Mtundu ndi utali wa waya zimatsatira zimene wopanga ananena, chifukwa waya wautali mopitirira umasunga mphamvu imene ingathetheke.

Polumikiza waya m'dzenje pamamatidwa ndi utomoni wapadera wosalowa madzi. Tepi wamba sakwanira, makamaka kumene maenje amadzaza madzi chaka chilichonse. Paipi ya mawaya imatsekedwa ndi phala lapadera pamene ikuchoka m'malo oopsa, kuti nthunzi isayende m'paipimo kukatulukira mu ofesi momwe muli masoketi, firiji ndi ketulo.

Bokosi limapachikidwa kunja kwa malo oopsa, pa khoma louma, pamwamba pa msinkhu umene madzi osefukira angafike. Limakhala ndi switchi yakeyake ndi waya wa earth wolimba, popeza chotchinga chimadalira earth kuti chigwire ntchito. Chitetezo cha ziphaliwali ndi batire losungira magetsi zimateteza bokosi pamene magetsi akuthima ndi kuyaka. Bokosi limayatsidwa pomaliza, mawaya onse ataunikidwa ndipo thanki itatsekedwa.

Kuyesa ndi kulinganiza

Makina akayaka, m'bokosi mumalowetsedwa mtundu wa mafuta, kukula kwa thanki, tchati chake ndi kupendekeka kwake. Miyezo ya makina imafananizidwa ndi ya ndodo yoyezera. Pansonga pa ndodoyo pamapakidwa phala losintha mtundu likakhudza madzi, kuti muyezo wa madzi utsimikizidwe. Ngati tchati chinatayika, chatsopano chimapangidwa pothira kapena potulutsa mafuta oyezedwa pang'onopang'ono ndi kulemba msinkhu wake.

Kenako amaika malire a alamu. Mchitidwe wofala ndi woti alamu ya kusefukira izilira thanki ikafika 90 peresenti, ndipo valavu ya m'paipi yotsanulira izitseka yokha pa 95 peresenti. Alamuyi imaikidwa panja pamene woyendetsa galimoto ya mafuta angaimve. Alamu iliyonse imayesedwa mwa kukweza choyandama kapena kuviika kachipangizo m'madzi, osati kungodina batani la pa bokosi.

Kuyesa kudontha kumachitika thanki ili phee, nthawi zambiri usiku, patapita maola angapo chilandirire mafuta kuti kutentha kukhazikike. M'madera a madzi apansi okwera pali vuto lapadera. Madzi akunja amakankha pa bowo ndipo mafuta satuluka, kapena madzi ndiwo amalowa. Choncho thanki yobooka imatha kupambana mayeso m'dzinja n'kuyamba kudontha m'chilimwe. Kukwera kwa madzi m'thanki kuyenera kuonedwa ngati chizindikiro cha bowo kufikira chitafufuzidwa, ndipo mayeso abwerezedwe m'nyengo zonse ziwiri.

Vuto lina ndi la ethanol. Madzi ochepa akalowa mu petulo wosakaniza, amasungunuka osaoneka. Akachuluka, ethanol ndi madzi zimapatukana ndi petulo n'kukhala pansi. Zosakanikiranazi n'zopepuka kuposa madzi enieni, choncho choyandama wamba cha madzi chimatha kulephera kukwera. Pa petulo wa ku Malawi pamafunika choyandama ndi phala loyezera zopangidwira mafuta okhala ndi ethanol.

Kusamalira ndi kumvera alamu

Ntchito siithera pa kuika. Ogwira ntchito pa malopo amaphunzitsidwa tanthauzo la alamu iliyonse ndi munthu woyenera kumudziwitsa. Tsiku lililonse mafuta ogulitsidwa pa mapampu amafananizidwa ndi amene achoka m'thanki, ndipo kusiyana kopitirira masiku angapo kumafufuzidwa. Ndodo yoyezera siitayidwa, chifukwa ndiyo imasonyeza ngati choyandama chakanirira. Zipangizo zimaunikidwa ndi katswiri kamodzi pa chaka, komanso madzi akasefukira kapena mphenzi ikagwa pafupi.

Alamu ya kudontha ikalira, kugulitsa kuchokera m'thankiyo kumaimitsidwa, mayeso amabwerezedwa, ndipo zikatsimikizika mafuta amasamutsidwa. Akuluakulu oona za mafuta, za chilengedwe ndi za madzi amadziwitsidwa, komanso mafumu ndi makomiti a mijigo yoyandikira, kuti anthu asamwe madziwo asanayezedwe. Madzi opopedwa m'maenje a thanki sathiridwa m'ngalande yopita kudambo.

Malamulo ndi mabungwe

Bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lodziwika kuti MERA, linakhazikitsidwa potsatira lamulo la Energy Regulation Act la 2004. Limapereka ziphaso za kusunga, kunyamula ndi kugulitsa mafuta motsatira lamulo la Liquid Fuels and Gas Act la chaka chomwecho, limayendera malo omwetsera mafuta, ndipo limaperekanso ziphaso kwa amisiri oika magetsi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linayamba mu 1972, limaona za miyezo ndi kuyesa ngati mapampu akupereka malita oona.

Lamulo la Environment Management Act la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo limafuna kuti ntchito zimene zingawononge chilengedwe ziunikidwe zisanayambe. Lamulo la Water Resources Act la 2013 limaletsa kuipitsa madzi, pamene la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo. M'chigawo cha kumwera kwa Africa, muyezo wodziwika wa kaikidwe ka mathanki apansi, mapampu ndi mapaipi ndi SANS 10089-3 wa ku South Africa.

Ngozi zimene zinapereka phunziro

Pa 11 Disembala 2005, nkhokwe ya mafuta ya Buncefield ku England inaphulika thanki ya petulo itasefukira. Chipangizo choyezera msinkhu chinali chitakanirira, monga chinachitiranso kangapo m'miyezi ya m'mbuyomo popanda kukonzedwa kotheratu. Switchi yapadera yoimitsa mafuta inalepheranso chifukwa inasiyidwa yopanda loko amene amaigwira pamalo ake. Anthu oposa 40 anavulala ndipo moto unayaka masiku angapo. Ngoziyi imasonyeza kuti chipangizo choikidwa molakwika kapena chosasamalidwa chimapangitsa anthu kudalira chitetezo chimene palibe.

Pa 3 Juni 2015, mumzinda wa Accra ku Ghana, mafuta ochokera pa malo omwetsera anayandama pa madzi osefukira ndi kugwira moto pamene anthu ambiri anabisala mvula pamalopo. Anthu oposa 150 anamwalira ndi moto ndi madzi. Izi zikukhudza mwachindunji malo omwetsera mafuta omangidwa m'zigwa.

Pa 17 Novembala 2016, galimoto yonyamula mafuta kuchokera ku Beira kupita ku Malawi inaphulika pa mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamene anthu anaunjikana kutunga petulo. Anthu oposa 70 anafa. Ngakhale sinachitikire pa malo omwetsera, ngoziyi ndi chitsanzo cha m'dera lino cha kuopsa kwa nthunzi ya petulo pamene thanki yatsegulidwa anthu ali pafupi, ndipo n'chifukwa chake kutchinga malo ndi kuyeza mpweya kumachitika chivindikiro cha thanki chisanatsegulidwe.